Alamu Sakwera Mpaka Ndiwatsitse

Lolemba

Bondo lakumanzere ladzuka ine ndisanadzuke. Latupa ngati papaya. Zaka zonsezi ndikusenza zikwama za alendo kuchokera pa Likhubula kukwera nazo m'phiri linali chete, chaka chino layamba mwano. Kuchipatala anati, "Bambo, muzipumula." Ndinafunsa ngati kupumulako amaperekera pa windo la mankhwala. Sanaseke.

Koma lero sindidandaula. Ndili ndi pulani!

Dzulo pa wailesi, pa pulogalamu ya zaluso, ati kagulu ka achinyamata ojambula ku Blantyre kakutulutsa buku la makatuni a m'Chichewa. Akufuna nkhani za m'maboma, osati za m'tauni zokhazokha. Masamba asanu ndi atatu, osapitirira. Kuwajambula pa foni, kutumiza Loweruka 12 koloko masana isanakwane. Amene asankhidwe akawaphunzitsa, kenako azijambula zithunzi za m'mabuku a ana asukulu. Ntchito yokhala pansi! Pampando! Mawuwa ndawabwereza katatu kuti bondo limve.

Kujambula ndimatha. Ku pulayimale aphunzitsi ankandikwapula chifukwa chowajambula, ndipo ankawonjezera zikoti chifukwa chithunzicho chinkafanana nawo.

Zida zanga:
mapepala oyera makumi awiri
mabolopeni akuda awiri
pensulo ya mwana wanga Esinati (sakudziwa)
labala wolumidwa mbali imodzi
chitseko chakale, ndiye tebulo

Nkhani yake ndi imene aliyense kuno anaimva ali mwana. Ukapeza chakudya pamwala m'phirimu, ndi cha eni phiri, mizimu. Idya wekha, usaitane mnzako, usatengeko kupita nacho kunyumba. Ndiye pota wanga, wosenza katundu wa alendo ngati ine, apeza nthochi zakupsa bwino, adya ziwiri, akumbukira ana ake, aponya zitatu m'thumba. Nkhungu itsika. Tsamba lomaliza: mwala, ndi chipewa chake pamwamba pake. Munthu palibe. Ndikaganiza tsamba limeneli tsitsi likuchita nyaunyau. A ku Blantyre akalira.

Vuto ndi limodzi. Nkhope yongopeka sinditha, dzanja langa limajambula munthu amene ndikumudziwa. Ndayamba ndi mphuno ya munthu wachilendo, pofika pa makutu ndapeza kuti ndi alamu anga a Jowao, achimwene ake a mkazi wanga, pota mnzanga. Makutu otambalala aja, dzino lothyoka lija, chipewa chaubweya chimene savula ngakhale mu Okutobala. Ndamupatsa dzina loti Ganizani. Palibe adziwe.

Masamba atatu atha.

Lachiwiri

Chiperoni chafika. Phiri silikuoneka, minda ya tiyi siikuoneka, ngakhale chimbudzi chathu chasowa. Mapepala afewa, bolopeni ikulemba ikafuna. Ndawayanika pafupi ndi mbaula, limodzi lapsa pakona.

Komabe masamba onse asanu ndi atatu atha! Dzanja likuthamanga lokha.

Chimene chandipweteka ndi kufuna kutamidwa. Ndikanangokhala pakhomo. Koma ayi, ndakulunga mapepala m'jumbo, tsimphinu tsimphinu mpaka pa Likhubula, pa shedi pamene mapota timadikirira alendo. Alipo khumi ndi mmodzi, manja m'khwapa, alendo kulibe.

Tsamba loyamba lisanathe kuzungulira, phwete! "Awa ndi a Jowao awa!" Ndati dzina lake ndi Ganizani. A Mulipa, amene amanena kuti lero akwera ndani, ati, "Ganizani wa makutu a Jowao." Chikhakhali shedi yonse. A Jowao eni ake akuseka kuposa onse, akuloza dzino lawo pa pepala, akuti ndawakongoletsa. Tsamba lachitatu akuwomba m'manja. Tsamba lachisanu, pamene akuponya nthochi m'thumba, ati, "Aaa, alamu, ine sindiba," koma akusekabe.

Tsamba lachisanu ndi chitatu.

Aliyang'ana. Alitembenuza kuseri. Ayang'ananso.

"Ndiye ine ndili kuti apa?"

Ndati nkhungu yamutenga Ganizani, ndiye mapeto.

"Chipewa ichi n'changa."

Wina watsokomola. A Mulipa abweza mapepala ndi zala ziwiri, ngati munthu wochotsa khoswe wakufa. A Jowao avula chipewa, achiyang'ana, achivalanso, anyamuka osatsanzika.

Ndauponda.

Lachitatu

A Jowao akana kukwera phiri. Ati sapondamo phazi mpaka ndiwatsitse pa pepala. Ndipo mawa ndi ulendo wawo, alendo awiri opita ku Chambe. Mapota tachuluka, alendo ndi ochepa, timakwera mosinthana, ndiye ukaphonya ulendo wako udikira milungu itatu. Iwo ali ndi ana asanu.

Ndapita kukawafotokozera modekha kuti katuni ndi katuni. Ndi inki chabe, sindine mfiti, ndine waluso. Yankho lawo: "Nada, ayi! Dzina ndi la wina, makutu ndi anga. Eni phiri sawerenga dzina, amayang'ana nkhope."

Mkazi wanga, mayi a Esinati, sakundiyankhula. Mbale akuika pansi mwamphamvu, tiyi wabwera wopanda shuga, ndipo shuga m'nyumba muno alimo, ndinamuona.

Choopsa ndi apongozi, amayi a mkazi wanga. Ine pano ndine mkamwini, nyumba yanga yayang'anizana ndi yawo. Mwamwambo sitiyankhulana maso ndi maso, ndiye akakhala ndi mawu amauza nkhuku, ine ndili pomwepo. Lero atuluka ndi lichero la madeya:

"Inu nkhuku inu, tamverani. Munthu adye za m'munda mwanga, agone pa dothi langa, mapeto ake andisowetsere mwana pa pepala? Kwawo kulibe anthu oti awajambule? Shii!"

Nkhuku zandiyang'ana ine.

Ndayesa kukonza popanda kuipha nkhani. Ndajambulanso Ganizani ndi ndevu, watuluka a Mulipa enieni. Kusowetsa a Mulipa ndiye kudzichotsa ntchito. Ndamuveka magalasi, watuluka abusa athu. Ndayesa nkhope ya mlendo wina wa chaka chatha, koma mzungu wosenza chikwama cha mnzake ndani angakhulupirire? Labala waboola pepala.

Mapepala otsala: asanu ndi atatu.

Ndatsimikiza mtima: mapeto sindisintha. Nkhani yonse ili pa chipewa chija. Ndikamutsitsa munthuyu ndatsala ndi chiyani, ulendo wa kumsika? Waluso weniweni sagonjera abale a mkazi wake.

Madzulo mayi a Esinati andiyankhula koyamba. Mawu asanu: "Mawa mukwera ndinu m'malo mwawo."

Lachinayi, ku Chambe

Ndakwera.

Chikwama cha lero sichikudziwa kuti ndine waluso. Muli mabuku atatu, kapoto kophikira khofi, nsapato ziwiri zapadera, ndi chinthu china chakuthwa chimene chakhala chikundibaya msana kuyambira pa mathithi. Alendowo ndi anthu abwino, bambo ndi mkazi wake. Mayiyo wafunsa kudzera mwa gaidi wowatsogolera ngati ndimaikonda ntchito yanga. Ndati eya. Bondo layankha zake.

Njira ya Chapaluka yaterera. Mvula si mvula, koma wanyowa mpaka kabudula wam'kati. Tsiku lathunthu lojambula lapita, ndipo chifukwa chake ndi chojambula changa chomwe.

Tsopano ichi ndilemba muno mokha.

Chifukwa cha bondo ndatsalira m'mbuyo. Ndili ndekha, nkhungu mbali zonse, mawu a anzanga sakumvekanso. Ndikhota pa mwala wina waukulu, ndipo pamwamba pake pali nthochi. Imodzi. Yakupsa bwino, yosasenda.

Ndikudziwa kuti yagwa m'kathumba ka mlendo. Ndinamuona akugula nthochi pa Likhubula. Ndine munthu wophunzira, ndinafika Fomu 2. Dzulo lomweli ndimauza alamu kuti zonsezi ndi inki.

Ndayang'ana kumanzere, ndayang'ana kumanja. Ndadya ndekha, mwakachetechete, osaitana munthu. Khoko ndaliika bwinobwino pamwala. Ndanena "zikomo" motsitsa mawu, ndipo ndafufuza m'matumba mwanga kawiri kuti mwina kachidutswa kagweramo. Kuchoka pamenepo ndayenda mothamanga, bondo osalimva n'komwe, mpaka ndawapeza anzanga.

Pa kanyumba ka alendo, alonda ake andilandira ndi funso: "Ndinu aja mwasowetsa alamu anu?" Nkhani yakwera phiri mwachangu kuposa ine, ndipo ilibe katundu.

Ndatulutsa pepala kuti ndijambule dzuwa lisanalowe. Zala zauma ndi kuzizira. Utsi uli m'maso. Ndajambula mzere umodzi wokhota, ndabweza m'jumbo.

Kwatsala masiku awiri.

Lachisanu

Kutsika kumapweteka kuposa kukwera, amene sanasenzepo sadziwa. Ndafika pakhomo masana, bondo silikupinda. Mayi a Esinati atenthetsa madzi, akundithowa. Kenako ayamba kufotokoza, maso ali pa bondo.

Zoti apongozi aamuna anasowa pa nkhondo ya ku Mozambique ndimazidziwa kuyambira ndili kufunsira. Banja lonse linathawa kuchokera kupitirira Milange n'kuwolokera pa Muloza, mkazi wanga ali kumsana, a Jowao akuyenda okha ogwira chitenje cha amayi awo. Bambowo atawafikitsa anabwerera kukatenga makina awo osokera. Anati afika mawa lake.

Chimene sindimadziwa ndi ichi. Patapita milungu iwiri munthu wina wa kwawoko anabwera ndi chipewa chawo. Anachitola panjira. China chilichonse sanachione. Manda kulibe, maliro sanalire, ndipo chipewacho apongozi akusungabe m'sutikesi. Kuyambira Lachiwiri, pamene a Jowao anawauza za tsamba langa, sakudya.

"Inu mumati mukujambula nthano," atero mayi a Esinati. "Amayi anaona zina."

Ndachita manyazi mpaka kumapazi. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi pakhomo pano, ndimadziwa makutu a munthu aliyense, koma ichi ayi. Ndati bweretsani chitseko.

Ndimaganiza kuti ndingosintha tsamba lomaliza. Ndinaiwala kuti ukatsegulira mbuzi imodzi khola lonse limatuluka. Banja lakhala pakhonde, a Jowao pakati, ndipo zofuna zake ndi izi:

asabe nthochi, chifukwa a Jowao ndi a kwaya
asadyenso, angoziona n'kudutsa
nkhungu ichoke
chipewa chisachoke kumutu pa tsamba lililonse
nsapato zikhale zatsopano
dzino libwerere
makutu achepe

Pa makutu pokha ndakana. Munthu azikhala ndi pamene waima.

Tsamba lakale la chipewa lautsa mkangano wina. Kuliwotcha ayi, ndi malodza. Kuling'amba ayi. Kulitaya m'chimbudzi, a Jowao alumpha: "Chipewa changa?" Mapeto ake apongozi atuma Esinati kudzalitenga, aliika m'Baibulo lawo, atseka.

Ndajambula masamba anayi atsopano mpaka kuwala kwatha, ena anayi ndawononga ndi kufulumira. Pepala loyera latha. Pa tsamba lomaliza a Jowao akutsika pa Likhubula, dzuwa lili phwee, mano onse ali m'kamwa, akukweza dzanja. Kunena zoona ndi chithunzi chabwino kuposa zonse zimene ndajambulapo. Iwo achiyang'ana nthawi yaitali, apempha kuti akawaonetse amayi, apita nacho.

Posakhalitsa ndamva apongozi panja: "Inu nkhuku, kodi mbatata ija yatsalako?"

Akudya. Chimenechi chokha ndiye chabwino sabata ino.

Loweruka

Tsiku lotumiza. Ndaibwereza nkhani yanga mumtima kuyambira poyamba:

munthu adzuka
munthu akwera phiri
munthu aona nthochi
munthu azisiya
munthu atsika

Mtima wanga wagwa, koma ndati mwina a ku Blantyre akonda mizere yake.

Kafoni kanga ndi ka mabatani, sikajambula. Pulani inali yobwereka foni ya a Jowao. Ndadikira kuti dzuwa lituluke mapepala aume, cha m'ma 10 koloko ndapita kwawo. Akazi awo akusesa, nkhope ili mwee.

"Akwera m'mamawa! Atenga ulendo wanu wa lero, poti inu munakwera wawo. Ati zikomo kwambiri, anyamuka akuimba."

Foni?

"Atenga."

Tsamba lomaliza?

"Alikulunga m'pulasitiki ya shuga, aliika m'thumba la pamtima. Ati limenelo salisiyanso."

Ndakhala pansi pomwepo, pa mtondo wawo.

Kujambula lina nthawi palibe. Tsimphinu tsimphinu mpaka pa Likhubula, njinga ya kabaza osaoneka ngakhale imodzi. Ndafika hafu 11 itadutsa. A Mulipa andibwereka foni yawo atandilumbiritsa kuti iwo mulibemo. Tajambula masamba asanu ndi awiri pa benchi, mphepo ikuwaulutsa, wina wagwira ngodya ndi chala, chala chakecho chalowa m'zithunzi zonse. Netiweki yapezeka pamwamba pa chulu. A Mulipa akwera, ine sindingathe. Zapita kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

Ndimayembekeza kudikira mwezi, kuti mwina ndikhale ndi mwezi umodzi wa chiyembekezo. Ayankha isanakwane 1 koloko. A Mulipa awerenga mokweza, shedi yonse ikumva:

"Talandira, bambo. Dzanja muli nalo, makutuwo mwawatha. Koma munthuyu wakwera phiri, waona nthochi, wazisiya. Nkhani ili pati? Tinkafuna nkhani imene china chake chikuchitika. Mudzayesenso tikadzatulutsa buku lina."

Lina liti, sananene.

Wina pa shedi wati, "A m'tauni sadziwa kanthu. Munthu kukwera n'kutsika wamoyo, si nkhani imeneyo?" Onse avomera. Vuto ndi loti iyeyu ndi a ku Blantyre onse akunena zoona.

Nkhani imene china chake chinkachitika ili m'Baibulo la apongozi. Ikhala momwemo.

Lamlungu

Chiperoni chabwerera. Kutchalitchi sindinapite, bondo lakana.

A Jowao atsika cha m'ma 11, athanzi, owala, alendo awapatsa jekete. Akuuza aliyense kuti sanatererepo ngakhale kamodzi, ndipo nkhungu imapatuka yokha akamafika. Akumenya pamtima pamene pali pepala.

Anthu atatuluka m'tchalitchi, ndamva "Odi! Odi!" Mapota asanu ndi awiri pakhomo panga, atavala za Lamlungu, aliyense ndi pepala long'amba m'kope la mwana wake. Nkhani sakufuna. Aliyense akufuna chithunzi chimodzi: iye akutsika. A Mulipa, omwe aja anandilumbiritsa dzulo, ali kutsogolo kwa mzere, ati ndevu ndizisamale. Wina wabweretsa nanazi, wina mapeyala, wina mzimbe. Walira mvula walira matope: ndinkafuna anthu okonda zojambula zanga, ndi awa.

Ndawajambula onse. Asanu ndi awiri akutsika, onse akumwetulira, onse nsapato zatsopano. Ndi ntchito yokhala pansi ndithu, koma ana sangapite kusukulu ndi nanazi.

Potsanzika a Mulipa ati mawa kuli alendo anayi, masiku atatu, Chambe mpaka kutsidya, ndipo malo a pota mmodzi andisungira ine. Ndayang'ana bondo. Ndayang'ana mayi a Esinati. Ndati ndibwera.

Onse atapita ndatsala ndekha ndi chitseko changa. Ndaganiza kuti anthu asanu ndi atatu m'dera lino ali ndi chowatsitsa, ine amene ndikutsimphina ndilibe. Sindikhulupirira zimenezi. Koma ndatenga kagalasi ka mayi a Esinati, ndatembenuza tsamba loyamba la nkhani yanga, ndadzijambula kuseri kwake. Ndikutsika, miyendo yonse yowongoka, msana uli njo, manja ali m'matumba ngati bwana. Kumsana kulibe kanthu. Ndakhala ndikuchiyang'ana, ndipo sindibisa, misozi inalengeza.

Mayi a Esinati aima kumbuyo kwanga ndi beseni la madzi othowera.

"Mwatsika bwino," atero. "Koma chikwama cha alendo mwachisiya kuti? Mukufuna akuchotseni ntchito?"

Ndatenga bolopeni. Ndawonjezera chikwama.